Makhadi Odutsa Pansi pa Mpanda

Chitinicho chinali cha mabisiketi, chabuluu, ndipo chivundikiro chake chinali chitapindika mbali imodzi, moti kuti chitseguke ndinkachipana ndi mawondo n'kukankha ndi zala zonse ziwiri zazikulu. Mabisiketiwo sindinawaonepo. Zimene ndinazipeza m'menemo ndi makhadi, omangidwa m'timitolo ndi malegeni odula ku chubu cha njinga. Ankanunkhira pepala losalala, fodya pang'ono, ndi dziko lina limene ndinali ndisanafikeko.

Makhadiwo anabwera ndi amalume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, atawathamangitsa ku Joni chifukwa cha mapepala. Kumeneko ankasesa pashopu ina ya masewera, kumene anyamata a ndevu zawo ankasonkhana kudzasewera makhadi a zithunzi za zilombo, mbalame, asilikali ndi mfiti. Akatha kusewera ankasiya patebulo makhadi amene ankawaona ngati opanda ntchito, ndipo amalume m'malo mowasesera kudzala ankawatola. Poyamba ankangokonda zithunzizo. Kenaka, poonerera atatsamira tsache, masewerawo anawalowa m'mutu. Tsiku limene anafika kwathu ku Unit D, dera la m'tauni kumene tinkakhala, analibe chikwama, ngakhale jekete. Anali ndi pulasitiki imodzi, ndipo m'menemo munali chitinicho. Amayi anachitsegula akuganiza kuti muli chakudya. Anayang'ana, anatseka, n'kupita kukawatenthetsera madzi osamba.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Chaka chimenecho sukulu zinatseka nthawi yake isanakwane, mipopi inauma, ndipo mvula yoyamba itagwa mapaipi a zimbudzi anaphulika, zonyansa n'kumayenda mumsewu wathu ngati kamtsinje. Fungo lake linkalowa mpaka m'zovala zochapa. Kenaka kunabwera kolera. Mabanja a mumsewu wathu anayamba kukweza ana awo mabasi, kuwatumiza kumusha, monga anzathu a Chishona amatchulira kumudzi. Msewu umene unkadzaza ndi ana osewera mpira wa mapulasitiki unangoti zii.

Ife tinalibe kumusha. Agogo anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya kuno ku dziko la Mashona, anafera pafamupo, ndipo nyumba za antchito zimene amayi anabadwiramo zinali zitagwetsedwa kalekale. Malawi ndinkangomudziwa m'nyimbo za kutchalitchi ndi m'chilankhulo chimene amayi ankandikalipira nacho, ine n'kumayankha m'Chishona. Kusukulu ankatinena kuti mabhurandaya, anthu opanda kwawo, ndipo ndinkangoti ndi chipongwe cha ana. Dzinja limenelo ndinaona kuti mawuwo ali ndi fupa mkati: panalibe basi imene ikananditengera kwa munthu aliyense.

Ndiye amayi anagula unyolo ndi loko. M'mawa uliwonse, popita kukagulitsa tomato ndi repu kumsika wa ku Chikwanha, ankakhoma geti kunja n'kupita ndi kiyi atamumangirira kunsonga ya chitenje. Malamulo awo ndimawakumbukirabe ngati mapemphero. Osamwa madzi osawiritsa. Osapatsa munthu moni wa dzanja. Osalandira kanthu kochokera kunja, ngakhale siwiti. Pakhomo pankakhala beseni la madzi a mankhwala, onunkha klorini, ndipo manja anga anafika potuwa ndi kusweka pakati pa zala. Amalume nawo sankatuluka. Analibe ntchito, analibe chitupa, ndipo ankaopa kufunsidwa mafunso pamsewu. Tinali akaidi awiri m'bwalo limene nkhuku ikanalizungulira isanatope: mtengo wa mapichesi, chingwe choyanikapo zovala, ntchentche, ndi mpanda wa masilabu a simenti wonditalikira mutu.

Tsiku lina nditalira chifukwa chosowa chochita, amalume anatsitsa chitini chija pamwamba pa kabati.

Masewerawo, anatero, sayambira pa kumenyana. Amayambira pa kusankha. Aliyense amatenga kamtolo ka makhadi khumi ndi asanu, amasankhamo limodzi, n'kupereka otsalawo kwa mnzake wa kumanzere. Iyenso amalandira kamtolo kochokera kumanja, amasankhamo limodzi, n'kupereka. Zimazungulira choncho mpaka timitolo titatha, kenaka mumatsegula tina, ndipo makhadi amene wasankhawo ndiwo gulu lako la nkhondo. Ku Joni ankati dirafiti. Makhadiwo anali a mitundu isanu, koma gulu labwino limakhala la mitundu iwiri yokha. Pakona ya khadi lililonse panali nambala yosonyeza mphamvu zimene limafuna kuti litsike pabwalo, ndipo mphamvuzo zinkakula pang'onopang'ono, ulendo ndi ulendo.

Ine ndinagwa m'chikondi ndi chinjoka chofiira cha mapiko, cholavula moto pamwamba pa mudzi. Chikangopezeka m'kamtolo koyamba ndinkachitsomphola, ndipo kuyambira pamenepo ndinkatenga chilichonse chofiira, ngakhale chachabechabe. Nambala yake inali yaikulu. Nthawi zambiri amalume ankandimaliza ndi tiasilikali tawo totchipa chinjokacho chidakali m'manja mwanga, chikudikira mphamvu.

"Khadi loyamba ndi mlendo, si mwamuna wako," ankatero. "Usakwatiwe nalo."

Analinso ndi mawu ena. Yamba ndi chopha, kenaka chouluka, zokongola pomaliza. Kamtolo kamalankhula: ukaona mbalame yabwino yakufika mochedwa, itadutsa m'manja mwa ena, dziwa kuti a kumanja kwako sakutenga zabuluu, ndiye lowa mmenemo. Yang'ana zimene zikubwera, osati zimene ukufuna. Ankalankhula zimenezi ali chikhalire pa njerwa, atavala malaya a malemu bambo anga amene ankawakulira m'mapewa, ndipo nkhope yawo inkawala. Pano ndimaona kuti chimenecho chinali chinthu chokhacho chimene anabwera nacho chomwe munthu akanawafunsa kuti amuphunzitse. Nthawi imeneyo ndinkangoona kuti amandigonjetsa mopanda chisoni.

Koma kusankha kwa anthu awiri kulibe mchere. Chilichonse chimene sunatenge umadziwa kuti watenga ndani. Amalume ankadandaula kuti pamafunika anthu asanu ndi atatu, kapena ngakhale atatu okha.

Wachitatuyo anatipeza yekha. Kuseri kwa mtengo wa mapichesi, silabu ya pansi ya mpanda inali itathyoka, ndipo panali bowo lokwana kudutsa mbale. Masana ena ndinaona diso pamenepo, kenaka ndinamva mawu a Chishona ofunsa kuti tikusewera chiyani. Anali mwana wa aphunzitsi a nyumba yoyandikana nafe, mtsikana wa msinkhu wanga. Mayi ake ankagwira ntchito ku Botswana, ndipo aphunzitsiwo ankati amutumiza kumusha mwezi ukatha, mwezi uliwonse. Nayenso anali wotsekeredwa. Kusukulu sitinkayenda limodzi. Iye anali wa ana okhala kutsogolo, ovala masokosi oyera.

Amalume anakanda m'mutu, anayang'ana kugeti, n'kunena kuti pepala si chakudya.

Tinayala masaka, ine ndi amalume mbali ino, iye mbali inayo, ndipo tinalowetsa chikatoni pansi pa bowolo kuti chikhale tebulo lathu. Tinkagona chafufumimba. Kamtolo kankachoka kwa amalume kubwera kwa ine, kwa ine kulowa m'bowo, n'kutulukanso kubwerera kwa amalume. Kwa masabata amenewo mnzangayo sindinamuone wathunthu. Ndinkadziwa manja ake, a zikhadabo zolumaluma, chibangiri cha ulusi wofiira, chibwano chake, ndi kupuma kwake akamaganiza. Ankawerenga Chingerezi cha pamakhadi mofulumira kuposa ine, ndipo akapeza mawu ovuta ankafuulira bambo ake, aphunzitsiwo n'kuyankhira m'nyumba ndi mawu a m'kalasi. Iwo ankadziwa zimene tikuchita. Amayi okha ndiwo sankadziwa, chifukwa dzuwa likapendeka tinkabisa chikatoni n'kutsamiritsa lata pabowolo.

Mtsikanayo anagwira masewerawo tsiku lachiwiri. Analibe khadi lokondedwa. Makhadi ake oyamba ankatenga amphamvu a mtundu uliwonse, akudikira, ndipo pofika pakati ankakhala atadziwa mtundu umene ife awiri tikuusiya. Kenaka ankatikuta ndi timbalame tating'onoting'ono toulukira pamwamba pa asilikali athu. Akapambana ankamenya chikatoni ndi chikhatho n'kufuula kuti, "Ndakudya!" Amalumewo iye ankawatcha sekuru, monga Mashona amaitanira malume, ndipo iwo ankaseka mpaka kutsokomola. M'nyumba mwathu munali musanamveke kuseka kotero chifikireni iwo.

Kunja zinthu zinkaipiraipira. Tinkamva kulira kwa mawilo a wilibala mumsewu, ndipo tinafika podziwa kusiyana kwa wilibala ya zigubu za madzi ndi yonyamula munthu: ya madzi inkagogoda, ya munthu inkayenda mwakachetechete, ndi mapazi ambiri pambuyo. Ikadutsa tinkasiya kusewera, makhadi ali m'manja, kenaka wina ankati, sankha.

Tsiku limene ndimalikumbukira kwambiri kunali mitambo yolemera koma mvula osagwa. Ndinatsegula kamtolo kanga koyamba, chinjoka chija chili pamwamba penipeni, ndipo kumbuyo kwake kunali khadi la mphezi, lotchipa, lotha kupha pafupifupi chilombo chilichonse. Ndinachigwira chinjokacho nthawi yaitali. Ndinali nditatopa ndi kudyedwa. Ndinasolola mphezi, ndinatseka maso, n'kukankhira zotsalazo m'bowo.

Kuseriko mnzanga anaseka. "Waramba murume wako nhasi?" anandifunsa, kutanthauza kuti kodi lero ndamusudzula mwamuna wanga. Amalume anandisisita pamutu. Timitolo tinazungulira, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva zimene ankanena zija. Makhadi akuda ankandifika abwinoabwino, mochedwa, ngati palibe akuwaona. Ndinalowa mmenemo. Ndinkadziwa kuti gulu limene ndikumanga likhoza kugonjetsa timbalame take.

Tili pakati pa kuzungulira kwachiwiri tinamva aphunzitsi akuitana m'nyumba mwawo. Sanali mawu a m'kalasi aja. Manja a mnzanga anachoka pachikatoni, kamtolo kali m'manja momwemo, ndipo tinamva mapazi ake akuthamanga. Kenaka phokoso la munthu akusanza, lalitali, ndi ndowa ikugwa. Atabwerera pabowo ndinangoona pakamwa pake.

"Sekuru, baba vari kurwara." Amalume, bambo akudwala.

Amalume anaimirira. Anayang'ana unyolo wa pageti, anandiyang'ana ine, n'kundiuza kuti ndilowe m'nyumba ndipo ndisakhudze kanthu. Anavala mapulasitiki a buledi m'manja, anakwera pamtengo wa mapichesi n'kulumphira kuseri. Ine sindinalowe m'nyumba. Ndinasuzumira pampata wa geti, ndipo ndinawaona akukankha wilibala, aphunzitsi ali m'menemo, miyendo ikulendewera, maso atalowa mkati ngati a munthu wokalamba. Dzulo lake lomwelo anali akutiuza tanthauzo la mawu. Palibe khomo lina mumsewu wonse limene linatseguka. Munthu amene ankaopa kutuluka chifukwa chosowa chitupa ndiye anawakankha mpaka kumatenti a kuchipatala.

Anabwerako amayi atangofika kumene. Anavulira kuseri kwa nyumba, anasamba madzi a mankhwala, ndipo buluku lawo analitentha. Amayi anamva nkhani yonse ataimirira, dengu lidakali pamutu. Kenaka maso awo anagwera pamasaka, pachikatoni, ndi pamakhadi amene tinali titaiwala kubisa.

"Kuyambira liti?" anafunsa.

Sanandimenye, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Anandikokera pabeseni n'kunditsuka manja mpaka m'zigongono, ndi sopo ndi mwala, mpaka ndinalira. Atatero anakhuthulira makhadi onse, a pachikatoni ndi a m'chitini, m'madzi a klorini, anawavundula ndi mtengo, n'kuwayala palata. Mawa lake anali atatupa ngati buledi wonyowa. Ena anamatana, ena anasendeka zithunzi, mitundu yonse isanu itasanduka yotuwa. Amalume ankawatembenuza limodzilimodzi ndi kachitsotso. Ine ndinkati amayi awononga dala. Ndinakula ndisanaganize kuti moto unali pomwepo, wotentha buluku uja, ndipo iwo anasankha madzi.

Bowo analitseka ndi njerwa ndi matope. Kuseri kwake kunatsala mwana mmodzi m'nyumba imene munadwalira munthu.

Amayi sanamusiye ndi njala. Ankakwera pa ndowa yovundikira, n'kumuuza kuti akweze mbale yake, iwo n'kuthiramo phala kuchokera m'mwamba, mbale osakhudzana. Madzi owiritsa ankamutsanulira chimodzimodzi. Anamuponyera mapiritsi oyeretsera madzi ndipo anamulangiza m'Chishona mmene atsukire pansi, atavala mapulasitiki m'manja. M'mawa ndi madzulo ankamufunsa ngati m'mimba muli bwino. Anapita kukapempha munthu wa foni kuti aimbire abale a aphunzitsi ku Murehwa. Zonsezi anachita. Chimene sanachite n'chimodzi.

"Mhamha, ndivhurireiwo," mtsikanayo ankatero kuseri kwa mpanda. Amayi, nditsegulireni. Ankati akuopa kukhala yekha. Sankafuula. Ankangobwereza, modekha, ngati mwana wophunzitsidwa ulemu.

Ndinawagwira amayi chitenje, ndinalonjeza kuti ndimupatsa mphasa yanga, kuti sindimukhudza, kuti agone m'khitchini. Ndinalankhula mpaka m'Chichewa, chimene sindinkachita, poganiza kuti mwina chiwafika pamtima. Amalume nawo anayesa.

"Achemwali, ujatu ndi mwana."

"Uyunso ndi mwana," amayi anatero, akundiloza ndi chibwano. "Akadwala ndithawira naye kuti? Kwa ndani?"

Ndipo geti silinatseguke. Masana ndinkakhala pansi pa mtengo wa mapichesi, msana uli kumpanda, n'kumamuyankhula mnzanga kudzera m'simenti. Ndinamufunsa makhadi amene anali m'kamtolo kamene anathamanga nako. Anandiwerengera onse, ndipo tinakangana kuti loyenera kutenga ndi liti, iye akuti mbalame, ine ndikuti msilikali wakuda. Tinalibe china chokambirana chimene sichikanatiliza. Nthawi zina ankasiya kuyankha, ndipo ndinkagogoda mpanda ndi mwala mpaka nayenso atagogoda.

Aphunzitsi sanabwerere. Uthenga wa imfa yawo unabwera ndi azakhali ake a mnzangayo, amene anafika kuchokera ku Murehwa patapita masiku angapo atadutsira kumatenti. Panalibe maliro a pakhomo, panalibe nyimbo kapena moto wa panja. Anthu a matendawo ankaikidwa mofulumira, atakulungidwa m'pulasitiki. Tinangomva kulira kumodzi, kwakuthwa, kuseri kwa mpanda, kenaka phokoso la zitseko za kabati.

Ponyamuka anaima pageti pathu. Ndi pamene ndinamuona wathunthu, ndipo ndinadabwa kuti anali wamfupi kuposa ine. Anavala yunifolomu ya sukulu, mwina chifukwa ndiyo inali yochapa. Azakhaliwo anathokoza amayi chifukwa cha phala, akuwomba m'manja. Amayi anayankha mwaulemu, ali mkati mwa geti, manja onse awiri atawabisa kumbuyo. Mnzangayo sanayang'ane amayi. Anandiyang'ana ine, anakweza dzanja pang'ono, n'kutsatira azakhali ake kukakwera kombi, minibasi ya kwathuko. Sanadwale. Zimenezo ndinazimva pambuyo pake, ndipo kwa zaka zambiri ndinkazisunga ngati mwala woti ndidzawagende nawo amayi. Sindinakumanenso naye.

Mvula isanathe amalume analumphanso malire kubwerera ku Joni. Anandisiyira chitini chopanda kanthu. Sukulu zinatsegulidwa, ana anabwerako kumusha atanenepa ndi mango, ndipo m'nyumba ya aphunzitsi munalowa anthu ena. Ine ndinakhala nthawi yaitali ndikuwayankha amayi ndi mutu wokha.

Lero ndili ndi mwana wamkazi, ndipo kiyi wa geti amakhala m'chikwama changa. Anthu ena ndikawafotokozera nkhaniyi amati amayi analakwa, ena amati anachita zimene mayi aliyense akanachita. Onsewo amayankha mofulumira kwambiri. Ine sindikudziwa. Mawu aja a ndivhurireiwo ndimawamvabe, ndipo ndikayang'ana mwana wanga ali m'tulo sindingalumbire kuti ndikanatsegula.

Chimene ndimabwererako kawirikawiri ndi masiku otsatira kunyamuka kwa mnzanga. Amayi, amene sankajomba kumsika ngakhale atadwala malungo, sanapite. Tomato anawolera m'dengu. Ankatenga ndowa ija, kuivundikira pafupi ndi mpanda, n'kukhalapo kuyambira m'mawa, mutu utatsamira simenti, kuseriko kulibe munthu. Nthawi zina milomo yawo inkagwedezeka. Ndikadutsa sankandiona. Ine ndinkawayang'ana ndili pakhomo, mtima uli wodzaza mkwiyo, ndipo ndinali wotsimikiza kuti akhala pamenepo kulondera ine, kuti ndisachotse njerwa pabowo.